Madotolo athu a mano atuluka, nanga ndani wawafunsa?

Chaka cha 2025 dziko lino linaona chinthu chimene silinachionepo chilandirire ufulu wodzilamulira mu 1964. Achinyamata 10 analandira madigiri a udotolo wa mano pa sukulu ya ukachenjede ya Kamuzu University of Health Sciences, ataphunzira kuyambira poyamba mpaka pomaliza kuno kwathu konkuno. Nthungululu zinalira, zithunzi zinajambulidwa, akuluakulu analankhula mau okoma, ndipo kunali koyenera kutero chifukwa ntchito imene inagwiridwa si yamasewera. Koma chikondwerero chitatha, mikanjo itapachikidwa, pali funso limodzi limene silikundichoka m'mutu. Kodi ana amenewa akuti bwanji za maphunziro amene analandira? Sindikunena zimene amalankhula pa maikolofoni bwana ali pambali, koma zimene amauzana okhaokha madzulo akaweruka.

Pa Malawi pano tili ndi chizolowezi chimene chinatilowa m'magazi. Tikafuna kudziwa ngati sukulu ikuyenda bwino timapita kwa mkulu wa sukuluyo. Tikafuna kudziwa ngati chipatala chili ndi mankhwala timafunsa a ku unduna. Nsima ikafika pa mphasa timafunsa wophika ngati yapsa, pamene wakudya ali chete ndi mbamu m'manja. Wophika sanganene kuti nsima yake ndi yaiwisi, ndipo si kuti ndi wabodza ai, kungoti sanailawe monga wailawira mnzakeyo.

Tiyeni tikumbutsane kumene tachokera. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti m'dziko muno tinalipo anthu 17.5 miliyoni, ndipo 84 mwa anthu 100 aliwonse ankakhala kumudzi. Pa nthawi imeneyo madotolo a mano m'dziko lonse lino sankafika 50, ndipo ambiri mwa iwo anali m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe. Onsewo akanatha kukwera basi imodzi yopita ku Mzuzu mipando ina n'kutsala. Aliyense wa iwo anaphunzira kunja, wina ku Tanzania, wina ku South Africa, wina ku Ulaya, popeza kuno sukulu yake kunalibe. College of Medicine inatsegulidwa mu 1991 ndipo inayamba kutulutsa madotolo a matenda ena onse, koma za mano zinadikira zaka zina 28. Mu 2019 ndi pamene maphunziro a zaka 5 a udotolo wa mano anayamba, mothandizana ndi University of Glasgow pa ntchito yotchedwa MalDent, ndi ndalama zochokera ku boma la Scotland. Maina a Dr Mwapatsa Mipando, amene anali mkulu wa College of Medicine, ndi Professor Jeremy Bagg wa ku Glasgow sangasowe pamene nkhaniyi ikukambidwa. Patangopita miyezi yochepa chiyambire, mu Malichi 2020, sukulu zonse m'dziko muno zinatsekedwa kaamba ka Covid-19. Gulu loyambali ndilo linalawa zonsezi: ndondomeko ya maphunziro imene inali isanayesedwepo pa munthu aliyense, aphunzitsi owerengeka, ndi mliri pamwamba pake. Iwowa ndiwo anayamba kuponda m'madzi kuti a m'mbuyo adziwe kuya kwa mtsinje. Nanga tingalephere bwanji kuwafunsa kuti madziwo anawafika pati?

Kuti timvetse chifukwa chake mau a ophunzirawa ali ofunika, tiyenera kudziwa m'mene dotolo wa mano amapangidwira. Udotolo wa mano ndi ntchito ya manja monga ukalipentala, kusiyana kwake n'kwakuti thabwa lake limamva kuwawa ndipo limatuluka magazi. Wophunzira amayamba ndi mabuku, kenaka amapita pa mitu ya zidole yokhala ndi mano a pulasitiki, n'kumaboola ndi kumata mpaka dzanja lizolowere. Koma chidole sichiopa jakisoni, sichitseka pakamwa mwadzidzidzi, sichidzaza malovu, ndipo sichikomoka. Choncho asanalandire digiri, wophunzirayo ayenera kukhala atagwira ntchitoyo pakamwa pa anthu amoyo, kambirimbiri, mphunzitsi ataima pambali pake. Kuti zimenezi zitheke pafunika mpando wa mano umene ukugwira ntchito, ndipo mpando umenewu si wamba: umafuna magetsi, madzi, makina opopa mpweya woyendetsa chobooleracho, ndi chokoka malovu. Pafunikanso makina ophera tizilombo pa zipangizo, jakisoni wa dzanzi, zomatira, ndi X-ray. Pafupifupi zonsezi timagula kunja ndi ndalama zakunja zimene tonse tikudziwa m'mene zimasowera. Chimodzi chokha mwa izi chikasowa, tsiku limenelo lapita padera. Ndipo masiku opita padera salembedwa pa satifiketi. Satifiketi ya amene anamata mano 200 ndi ya amene anamata 20 zimafanana pepala, inki ndi chidindo. Wodziwa kusiyana kwake ndi mwini dzanja.

Ku Britain, kumene sukulu za mano zakhalako zaka zoposa 100, kufunsa omaliza maphunziro si nkhani yachilendo. Sukulu zimafunsa, ofufuza amafunsa, ngakhale bungwe loyang'anira ntchitoyi la General Dental Council linachititsapo kafukufuku wofuna kudziwa ngati achinyamatawa amatuluka ali okonzeka. Mayankho ake amabwera ofanana nthawi ndi nthawi. Omaliza kumene amati sadzikayika pa kupima wodwala, kumata dzino lobooka pang'ono, kutsuka nkhama ndi kuzula dzino losavuta. Koma amavomera kuti mtima umawagunda akakumana ndi dzino lofuna kucheka nkhama ndi fupa kuti lituluke, kapena pamene ayenera kuchotsa mtsempha m'mizu ya mano akuluakulu otafunira kuti dzinolo lipulumuke, kapena kuveka dzino chisoti, kapena kuongola mano opingasa. Chifukwa chake ndi chimodzi: ntchito zimenezi anazigwira kochepa ali pa sukulu. Palibe amene amawadzudzula kuti ndi osayamika. M'malo mwake, amene akufuna kugwira ntchito ya boma amayamba wakhala chaka chathunthu pansi pa dotolo wozolowera ntchito, kuti mipata imene yatsala itsekeke. Ngati a ku Britain, ndi chuma chawo chonse, amavomera kuti ana awo amatuluka ndi mipata, ife tingadzinamize bwanji kuti athu atuluka opanda banga?

Komatu ine ndikuona kuti mayankho a kuno sangafanane ndi a ku Glasgow kapena ku London, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Mmalawi sapita ku chipatala dzino likangoyamba kunyerenyetsa. Amayamba ndi mchere, kenaka mankhwala opha ululu a pa golosale, kenaka mizu ya kwa asing'anga, ndipo amafika pa chipatala tsaya litatupa ngati wabisa mango m'kamwa, atatha sabata osagona. Pofika apo chotsala ndi kuzula basi. Ndiye wophunzira wa kuno sangasowe mano ozula, ndipo sindikukayika kuti pa ntchito imeneyi dzanja lake likhoza kuposa la mnzake wa ku Ulaya. Amaonanso zimene mnzakeyo amangoziona m'buku: mafinya amene atsikira m'khosi mpaka munthu kubanika, zotupa za m'nsagwada zimene zakula zaka zambiri, nsagwada zothyoka pa ngozi za njinga zamoto za kabaza, ndi zilonda za m'kamwa zimene nthawi zina ndizo zimayamba kuulula kuti munthu ali ndi kachilombo ka HIV iye asanadziwe. Pa zimenezi ana athu ndi olemera.

Nanga pa ntchito yopulumutsa dzino? Kumata, kuchiza mizu, kupanga mano oikirira a agogo amene sangathenso kutafuna chimanga chokazinga, zonsezi zimadalira zipangizo zodula ndiponso wodwala amene angathe kubwera kawiri kapena katatu. Munthu amene wagulitsa nkhuku kuti apeze ya minibasi safuna kumva zoti abwerenso Lachinayi. Amati, adokotala, ingochotsani ndizipita. Tsono ngati pali mpata m'maphunziro a madotolo athu, malo oyamba kuyang'anapo ndi amenewa. Ndipo mpata umenewu ndi woopsa chifukwa ndi pomwepa pamene dotolo wa digiri amayenera kusiyana ndi amene analipo kale. Dziko lino silinadikire zaka zonsezi kuti lingoonjezera manja ozula mano.

Ndikunena izi ndikukumbukira azakhali anga. Zaka zingapo zapitazo ndinawaperekeza pa chipatala china cha boma kumudzi kwathu, dzino likuwasautsa. Mpando wa mano unalipo, koma unali utafa kalekale, pamwamba pake ataunjikapo mafailo. Anawakhazika pa mpando wa thabwa, mutu atatsamiritsa kukhoma. Bambo amene anawathandiza anagwira ntchito yake mwaukhondo ndi mwaulemu, ndipo atatha anandiuza motsitsa mau kuti dzinolo likanatha kumatidwa kukanakhala kuti zomatira zilipo. Azakhali anabwerera kumudzi ndi gweru, ali okondwa kuti ululu watha. Ine ndinabwerera ndikudzifunsa kuti mano angati abwinobwino akuthera m'ndowa tsiku lililonse m'dziko muno.

Bambo ameneyo anali dental therapist, mmodzi mwa anthu amene amaphunzira pa Malawi College of Health Sciences n'kutuluka ndi dipuloma. Tinene mosapsatira mau: anthu amenewa ndiwo asenza katundu wa mano a Amalawi zaka zonsezi, makamaka m'zipatala za m'maboma ndi za mishoni. Tsopano kukubwera mnyamata kapena msungwana wa zaka za m'ma 20, digiri ili m'manja, kudzakhala bwana wa munthu amene anayamba kuzula mano iye akuyamwa. Kodi sukulu inamukonzekeretsa m'mene angagwirire ntchito ndi mkulu ameneyu popanda kunyozana? Kodi inamuphunzitsa kulemba bajeti, kulimbirana mafuta a galimoto ndi a mbali zina za chipatala, kapena kutsegula mpando wakufa uja n'kuona ngati vuto lake ndi kapaipi kongotsekeka? Mabuku a ku Ulaya sanena zimenezi chifukwa kumeneko amangoimba telefoni, wokonza n'kubwera tsiku lomwelo. Abwenzi athu a bungwe la Dentaid anathandiza kukonzanso mbali ya mano pa Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, ndipo tiyenera kuwathokoza. Koma zipatala zazikulu m'dziko muno ndi zinayi zokha, Queen Elizabeth, Kamuzu, Zomba ndi Mzuzu, pamene maboma alipo 28. Amene waphunzira pa mpando wabwino mu mzinda ndi yekhayo amene angatiuze m'mene zimakhalira akafika ku Chitipa kapena ku Nsanje.

Palinso nkhani zina zimene ndi zathuzathu. Mabuku ambiri a za mano amaphunzitsa kuti fluoride amalimbitsa mano, ndipo n'zoona, n'chifukwa chake amamuika m'mankhwala otsukira mano. Koma m'madera ena a dziko lino, monga ku Nathenje m'boma la Lilongwe ndi mbali zina za Machinga ndi chigwa cha Shire, madzi a m'mijigo ina ali ndi fluoride wopitirira muyezo wa mamiligalamu 1.5 pa lita umene bungwe la World Health Organization limalangiza. Ana okulira kumeneko amamera mano a mawanga ofiirira, ndipo anzawo ku sukulu amawaseka kuti satsuka m'kamwa, pamene vuto lili m'madzi. Dotolo wotumizidwa kumeneko ayenera kudziwa kuti mankhwala a vuto limeneli ali kwa a zamadzi, osati pa mpando wake pokha. Nanga chilankhulo? Maphunziro onse amachitika m'Chingerezi, koma wodwala amabwera ndi Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, Chisena kapena Chitonga. Tayesani inuyo kufotokozera agogo a ku Ntcheu kuti muchotsa mtsempha wa m'kati mwa dzino koma dzinolo mulisiya, iwo osaganiza kuti mukufuna kuwabera. Mu 2022 boma linakhazikitsa ndondomeko yoyamba ya dziko lino ya umoyo wa m'kamwa, imene inatsindika za kupewa matenda. Kupewa kumachitika ndi pakamwa, m'sukulu za pulaimale, pa sikelo ya ana, ndi pa bwalo la amfumu. Kodi ophunzirawa anapatsidwa nthawi yokwanira yoima pa malo amenewa, kapena anangolemba mayeso ake?

Tsono wina anganene kuti, aa, zimenezi n'zosavuta, sukulu za masiku ano zimagawa mapepala a mafunso kumapeto kwa chaka, wophunzira n'kuyankha osalemba dzina. Ndikuvomera, ndipo sindikunena kuti aphunzitsi athu safuna kumva. Koma taganizani bwino. M'kalasi la anthu 10, pepala lopanda dzina lili ndi dzina kale. Mphunzitsi amadziwa kalembedwe ka aliyense, amadziwa amene anadandaula za chakutichakuti mwezi watha. Ndipo m'dziko limene madotolo a mano onse akukwana m'basi imodzi, mphunzitsi wako wa lero ndiye adzakuyang'anire poyamba ntchito, ndiye udzakumane naye ku msonkhano wa bungwe la madotolo a mano, ndiyenso adzakulembere kalata ukadzafuna kupita kunja kukaphunzira ukatswiri. Mwana wanzeru amawerengera zonsezi, n'kulemba kuti zonse zinali bwino, zikomo kwambiri. Onjezeraninso mwambo wathu woti mwana sayankha akulu, ndi mantha oti tikadandaula azungu amene akutithandiza akhumudwa n'kunyamula katundu wawo. Mantha omalizawa ndi opanda pake. Anthu a ku Glasgow akuchokera kumene kufunsa kotereku ndi chakudya cha tsiku ndi tsiku, ndipo iwonso ayenera kufotokozera okhoma msonkho a kwawo ngati ndalama zinagwira ntchito. Akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, koma kuno timamuona ngati mdani.

Choncho kufunsa kokha sikukwanira. Pafunika kuti wofunsayo akhale munthu wapadera, amene sagawa malikisi ndipo salemba anthu ntchito. Bungwe la Medical Council of Malawi, limene limalembetsa madotolo ndi kuvomereza maphunziro awo, lingathe kupeza munthu wotere, ngakhale wochokera ku sukulu za mano za anansi athu ku Tanzania kapena ku Zambia, amene akudziwa mavuto ofanana ndi athu. Mayankho a magulu awiri kapena atatu aphatikizidwe pamodzi kuti mau a munthu asalondoleke. Ndipo afunsidwe kawiri. Koyamba pamene akutuluka, akukumbukira bwino tsiku lililonse la m'kalasi ndi m'chipatala. Kachiwiri patapita chaka chimodzi kapena ziwiri ali pa ntchito, chifukwa munthu sadziwa chimene sanaphunzire mpaka tsiku limene wodwala wachibweretsa pakhomo, usiku, kulibe womufunsa.

Ndisanamizire kuti mau a wophunzira ndi uthenga wochokera kumwamba. Alipo amene amadzikhulupirira kwambiri koma dzanja lili lolemera, ndipo alipo amantha amene ntchito yawo ndi yosalala ngati ya mmisiri. Wina akhoza kudana ndi mphunzitsi wovuta amene ndiye anamupanga kukhala dotolo weniweni, n'kukonda wofatsa amene sanamuphunzitse kanthu. N'chifukwa chake mafunso asakhale akuti kodi unasangalala kapena ai. Akhale mafunso owerengeka. Unazula mano angati ndi dzanja lako, osati kungoonerera? Unachiza mizu ya mano angati mpaka kumaliza? Unapanga mano oikirira a anthu angati? Ndi masiku angati amene unafika ku chipatala n'kubwerera osagwira ntchito, ndipo chinasowa n'chiyani, magetsi, madzi, zomatira, wodwala kapena mphunzitsi? Mayankho amenewa akaikidwa pambali pa mabuku amene ophunzira amalembamo ntchito zawo, ndi pambali pa maganizo a amene akuwayang'anira pa ntchito, chithunzi chimaoneka chonse.

Kwa inu abale athu amene munakhalako kunja, ku Lusaka, ku Harare, ku Johannesburg kapena ku London, ndi inu a m'tauni amene dzino likakuvutani mumatha kulipira ku chipatala cholipira, nkhaniyi ikukukhudzani mwa njira ina. Pakati pathu pali kamtima konyoza chilichonse chopangidwa kuno. Ena akamva kuti dotoloyu waphunzira ku Blantyre amayamba kufunsa ngati kulibe wina wophunzira kunja. Kunyoza kumeneku sikutha ndi zithunzi za mikanjo kapena malankhulidwe a nduna. Kudzatha pamene sukulu idzaima poyera n'kunena kuti, ana athu akuti apa tinachita bwino, apa tinaperewera, ndipo gulu lotsatira tachita zakutizakuti kuti tikonze. Sukulu yolankhula chonchi ine ndingaipatse pakamwa panga popanda mantha.

Pali chifukwa china chofulumirira. Thandizo lakunja silikhala mpaka kalekale, ndipo aphunzitsi a mawa a sukulu imeneyi adzachokera mwa achinyamata omwewa. Chimene sanaphunzire bwino sangachiphunzitse bwino, ndipo mpata wa lero ukhoza kusanduka mwambo wa zaka 30. Komanso tisaiwale kuti mu 2015 madotolo oposa 50 amene anali atangomaliza maphunziro ku College of Medicine anakhala miyezi akudikira kuti boma liwalembe ntchito, mpaka ena kuyamba kuyang'ana kunja kwa malire. Dzanja la dotolo wa mano likakhala miyezi osagwira chida limazizira msanga kuposa mutu. Ndiye pa mafunso aja aonjezerepo ili: unadikira miyezi ingati usanayambe ntchito, ndipo utayamba unapeza mpando wogwira ntchito kapena mpando wa mafailo? Wachinyamata amene waphunzira zaka zonsezi kupulumutsa mano, n'kupatsidwa chopanira chozulira ndi ndowa, sakhalitsa. Adzatsegula kachipatala kake ku Area 47 kapena ku Namiwawa, kapena adzakwera ndege, ndipo azakhali anga adzapitirira kukhala pa mpando wa thabwa.

Magulu ena a ophunzira akubwera m'mbuyo mwa 10 oyambawa, ndipo chaka chilichonse chimene chikudutsa osafunsa, gulu lina likudutsa m'ndondomeko yomweyo, mphamvu zake ndi zofooka zake zili momwemo. Komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za umoyo ili ndi mphamvu yoitana unduna ndi akuluakulu a sukuluyi kuti afotokoze m'mene maphunzirowa akuyendera. Ikadzatero, ipemphenso kuti pa tebulo paikidwe mayankho a ophunzirawo, olembedwa ndi munthu wapadera, pamodzi ndi chiwerengero cha masiku amene mipando inali yakufa, ndipo zotsatira zake zisindikizidwe m'Chingerezi ndi m'Chichewa kuti odwala nawonso awerenge.